Dazi la a Justino

Radiyo anali ataitsegula kale kumsana, mapilya ake, mabatire aja, atagona pamphasa. Chikwama cha zovala chinali kukamwa yasa. Mabuluku onse a malemu anali atawatulutsa matumba, akulendewera ngati malilime a mbuzi. A Hermínio, mkulu wawo wa malemuwo, ananyika kanthambi m'beseni la madzi a masamba nayamba kuwaza pa nsapato, pa njinga, pa chipewa, ngakhale pa khasu limene linalibe pobisa kanthu.

"Chotseka chilichonse chitseguke, chione dzuwa," anatero ndi mawu osasa. "Tikatero tigawe katundu, timete, aliyense azipita kwawo. Tatopa."

Pa kutopa pokhapo sananame. Chiikireni m'manda a Justino, wojambula zithunzi wa pamsika wa Domwe, anthu ankagona pamphasa m'chisanu chija cholowa m'fupa osaodira. Amayi maso anali psuu ndi utsi. Nyimbo zinali zitatha m'makosi. Ngakhale agalu anali atasiya kulimbirana mafupa, ankangoyang'anana.

Chinatsala chinthu chimodzi: makina ojambulira.

Anali pamiyendo pa a Alzira, mkazi wa malemu, atawafunditsa chitenje ngati khanda. Kabokosi kakuda kopalika m'makona, ka maso awiri kutsogolo, lina pamwamba pa linzake. Lapamwamba n'loonera, lapansi n'lojambulira. Makina amenewa suwaika pankhope ayi. Umawakoleka m'khosi, amatsikira pamimba, umatsegula kachitseko ka pamwamba n'kuwerama, ndipo munthu waima patsogolo pakoyo umamuona m'kagalasi, ali wamng'ono, akuphethira.

"Mlamu, bweretsani," anatero a Hermínio.

A Alzira anangokoka chitenje chija.

"Muli filimu m'menemo, bambo aakulu," anatero Rogério, mwana wa malemu, wogwira ntchito ku Tete. Chikwama chake chinali kale paphewa, khutu limodzi lili kumsewu kumvetsera chapa, kaminibasi konyamula anthu. "Mukatsegula kumsana, dzuwa lidya zonse."

"Lidye. N'chimene tatulutsira katunduyu panja."

"Muli nkhope ya amuna anga," anatero a Alzira, osadzutsa mutu.

Apa m'pamene panali nkhani. Munthu amene anajambula Domwe yense, maukwati, maubatizo, ogulitsa mbatatesi, oledzera ndi nkhumba zawo, analibe chithunzi chake. Patsiku la maliro achinyamata anafufuza m'matelefoni mwawo kuti apeze choika pamtanda. Zithunzi anazipeza ndithu, zambirimbiri. Koma chilichonse chinali dazi. Dazi pamsika, dazi pakhomo la tchalitchi, dazi paukwati wa mwana wa katekisita likuwala pakati pa maluwa. Munthuyo nthawi zonse anali chiweramire pa makina ake. Kachithunzi ka pa bilyeti, chiphaso cha boma, kanalipo, koma kanali kofufuma ngati munthu woima m'nkhungu, maso atatong'ola ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba. A Alzira anakakana. Anati ameneyo sanagonepo m'nyumba mwawo.

Makinawo a Justino anawapeza kwa padiri wina wokalamba ku mishoni, akali mnyamata. Nkhondo itavuta anathawa nawo ku Dedza atawakwirira m'thumba la nyemba. Mabulangete anasiya, ndipo a Alzira nkhani ya mabulangeteyo sanaiiwale mpaka lero. Atabwerera kumudzi, mnzawo wina anawabwereka makina ang'onoang'ono oika padiso, opepuka, omeza anthu ambiri pa rolo imodzi. Anakawayesa pamsika. Atangowakweza kumaso n'kutsinzina diso limodzi, mayi wina wogulitsa tomato anadzigwetsa pansi kuseri kwa dengu lake. Anthu anali asanaiwale zinthu zoloza ndi diso limodzi. Tsiku lomwelo anakabweza.

"Aang'onowa amaloza munthu," anatero. "Angawa amamuweramira."

Ndiye anakhala ndi kabokosi kawo kolemerako mpaka ukalamba. Marolo ankachokera ku Joni kamodzikamodzi, mwa oyendetsa magalimoto aakulu, ndipo ankawasunga mumtsuko pozizira ngati mbewu ya chaka chamawa. Pamsika anthu sankadziwa n'komwe kuti ajambulidwa. Ankangoti a Justino ayambanso kucheza ndi mchombo wawo.

Matenda atawagwira, Lamulungu lina dzuwa litafunda, anatuluka panja ndi makina aja nawakoleka m'khosi mwa akazi awo. Zaka zonse zija a Alzira sankaloledwa ngakhale kuwapukuta fumbi. A Justino anapotoza apa, anapotoza apo, anawaonetsa podina, kenako anakaima pakhoma la nkhokwe. A Alzira anawerama. Pofika podina paja mantha anawagwira, anatsinzina maso onse awiri n'kudina. Choncho chimene chinalowa m'kabokosimo sanachione. Sabata isanathe amuna awo anali atapita.

"N'chifukwa chake ndikuti titsegule," anatero a Hermínio, atamva zonsezo kachiwiri. Anakhala pansi pampando, mawondo akulira. "Mng'ono wanga moyo wake wonse wakhala akutsekera anthu m'kabokosi. Pano wadzitsekeramo yekha. Inu mlamu mutsala nokha m'nyumba muno. Akayamba kugogoda, mudzathamangira kwa yani? Si kwa ine? Ine ndakalamba, sindingathe kuika munthu mmodzi kawiri."

Sankanena mwankhanza. Ndipo pabwalo ena anagwedeza mitu, chifukwa mwambo ndi mwambo: katundu wa womwalira asanagawidwe amayenera kupumidwa ndi mphepo.

"Rogério!"

Anali a Leonor, mlongo wawo wa a Hermínio ndi malemu, amene anakhala pakhonde miyendo tambalale, akugogoda kabotolo ka fodya wamphuno pachikhatho. Masiku onse a maliro ndiwo ankaseketsa amayi kukhitchini, mpaka ena kuwadzudzula.

"Azakhali?"

"M'kabokosimo mumalowa anthu angati?"

"Khumi ndi awiri pa rolo imodzi."

"Ngati atumwi. Nanga alowamo angati?"

Rogério anaweramira pamiyendo pa mayi ake, nasuzumira pa kazenera ka m'mbali. "Patsala malo a munthu mmodzi."

"Eya. Watsala Yudasi. Achimwene, konzani kolala."

Anthu anaseka chamumtima, kuseka kwa anthu otopa, kotulukira m'mphuno. A Hermínio sanaseke.

"Leonor, pano si pamowa."

"Pakanakhala pamowa bwenzi mutavomera kale. Rogério, tawauza bambo akowa. Malo aja akadzaza chimachitika n'chiyani?"

"Filimu imakulungika yonse m'pepala lake," anatero Rogério. "Imatuluka itafunda. Mukatero mutha kutsegula makina padzuwa mmene mungafunire."

"Mwamva? Wodwala atuluke atafunda bulangete, kenako mutsegule zitseko, musese, muwaze madzi anuwo. Mwambo wanu sunathawe. Ungodikira pang'ono ngati mmene tadikirira ife mowa wa pamalirowa."

A Hermínio anakanda chibwano. "Ndiye adine chabe, atseke disolo ndi dzanja, zithe."

"Zimatheka," anatero Rogério mofulumira, atamva kulira kwa galimoto patali.

"Bambo ako sanatayepo malo," anatero a Alzira. "Ankaimitsa mkwatibwi padzuwa mpaka miyendo kutupa, kudikira kuti asiye kumwetulira kwabodza. Iwe ukufuna kujambula chikhatho?"

"Nanga achimwene inu," anapitiriza a Leonor, "tsiku lanu likadzafika, pamtanda tidzaika chiyani? Justino anajambula ndi wamisala wa pamsika yemwe. Inu nokha munkati kujambula si ntchito ya mwamuna, mwamuna amalima mbatatesi. Chabwino, tidzakhomerapo mbatatesi."

Apa ngakhale adzukulu amene ankanola malezala ometera anaseka mokweza. A Hermínio anayang'ana pansi. Zinali zoona: chiyambire, abale awiriwo ankakumana pamaliro ndi pamilandu basi, ndipo akakumana ankakambirana za mvula.

"Nanga ikatuluka filimuyo, atsuke ndani?" anafunsa.

Onse anatembenukira kwa Rogério. Ali mwana ndiye ankagwira tochi m'kachipinda kamdima kuseri kwa nyumba, mpaka anadana ndi fungo la mankhwala ake n'kulumbira kuti sadzalowamonso.

"Amayi, mawa ndikufunika ku serviso, kuntchito. Patarau, bwana wanga, wandiimbira kale. Ndipita nayo ku Tete, ndikafunsa ngati alipo wotsuka."

"Ku Tete alipo?"

Rogério anayang'ana kumsewu.

"Unafika titakhoma kale bokosi," anatero mayi ake, mawu ali pansipansi. "Sindikukuimba mlandu, msewu ndi wautali. Koma iwenso sunawaone."

Rogério anasuntha lamba wa chikwama paphewa. Sanachitsitse, komanso sanapite.

A Hermínio anadzuka okha. Anakaima pakhoma la nkhokwe, pomwe paja panaima mng'ono wawo, nakoka kazako wawo, jekete yakale, kutsogolo, namanga batani limodzi lokhalo linatsala. Chifuwa anatulutsa ngati msilikali.

"Fulumirani, kukuzizira."

Rogério anayang'ana kumwamba, nayang'ana khoma, napotoza timagudumu ta kutsogolo monga ankachitira bambo ake. Anakoleka makina m'khosi mwa mayi ake.

"Ulendo uno musatsinzine."

A Alzira anatsegula kachitseko, nawerama.

"Alamu, mwathawira kuti?"

"Ndili pompano!"

"Mukutuluka m'galasi."

"Amayi, m'menemo zinthu zimayenda chosemphana," anatero Rogério. "Mukafuna kumanja, pitani kumanzere."

"Ndiye chifukwa chake Justino ankasochera pochokera kumowa," anatero a Leonor.

A Alzira anapotoloka pang'onopang'ono mpaka alamu awo anabwerera pakati pa kagalasi. Anali aang'ono ngati chala, nkhokwe ili kumbuyo, makutu ali ngati a malemu. Sanadine. Anadikira, mutu chiweramire, monga ankaonera amuna awo.

A Hermínio anayang'ana mayi woweramayo. Chikwatiwire pabanjapo, mlamu wawoyu ankawapatsa moni wa pakamwa basi, maso ali kwina. Lero anali atawaweramira, duku lakuda lili poyera, phee. Chifuwa chija chinayamba kutsika chokha. Anavula chipewa nachigwira ndi manja awiri.

"Justino ankaima choncho," anatero. "Ndikamadutsa pamsika ndinkamuona. Sindinaimepo."

Makina analira pang'ono chabe, ngati munthu wathyola kaudzu kouma.

"Basi?" anafunsa a Hermínio.

"Basi."

Rogério anapukusa kamkono ka m'mbali mpaka kanapepuka. Anatsegula kumsana, natulutsa rolo yokulungika bwino, nanyambita kapepala kake n'kumata. Kenako anapereka makina kwa bambo ake aakulu, ali chitsegukire. A Hermínio anasuzumiramo, nawatembenuzira kudzuwa, nawagwedeza pang'ono.

"Mulibe kanthu."

"Mumayesa mupezamo mipando?" anatero a Leonor.

Ananyika kanthambi kaja. Rogério anatambasula dzanja kuti madzi asagwere m'maso mwa makina, koma a Hermínio anali ataona kale. Anawaza pa lamba pokha, lamba wakuda ndi thukuta la m'khosi mwa mng'ono wawo.

Chapa cha ku Ulongwe chinafika pamsewu, chinaliza hutala kawiri, wothandiza akukuwa mayina a malo. Rogério anayang'ana rolo m'dzanja lake. Chapa chinaliza kachitatu n'kunyamuka. Iye anatsitsa chikwama pakhonde, nakhala pamzere wa ometedwa.

Atametedwa, mutu uli mbee kuzizira, analowa m'kachipinda kaja. Anakhoma bulangete pachitseko, natseka ming'alu ya zenera ndi nsanza. Fungo linali lomwe lija, lowawasa ngati mowa wogona. Mabotolo anali pamalo pake. Mumdimamo maso analibe ntchito, koma zala zinakumbukira zokha kusenda pepala ndi kulowetsa filimu m'kachitini kake. Panja a Leonor ankagogoda.

"Wafa kodi?"

"Musatsegule, azakhali!"

"Ndikungofunsa, poti adzukulu sanapitebe."

Dzuwa likupendeka anatuluka ndi filimu yonyowa, yaitali ngati lamba, naipachika pawaya m'nyumba mopanda fumbi. Anthu m'menemo anali otembenuka: nkhope zoyera, mano akuda, thambo ngati makala. A Leonor anayandikira ndi diso limodzi.

"Achimwene, bwerani mudzaone. Mwasanduka mzungu wodya nthudza."

A Alzira sanafune kuyang'ana. Anati adikira pepala.

M'mawa mwake nkhungu inali isanachoke m'munda pamene analowa onse anayi m'kachipindako, mothithikana, mapewa akugundana. Tochi inali yokulungidwa m'kansalu kofiira. Ubwino wa makina aakuluwa ndi womwewo: chithunzi chake pafilimu n'chachikulu kale, cha mbali zofanana ngati kabokosi, moti a Justino sankavutika n'kuchikulitsa. Ankangogoneka filimu papepala, kupsinja ndi galasi, n'kulowetsa kuwala pang'ono. Rogério anachita chimodzimodzi. Anachotsa nsanza imodzi pazenera.

"Amayi, Tikuoneni Maria mmodzi. Musathamange."

Umo ndi mmene bambo ake ankayezera nthawi. A Alzira anapemphera, a Leonor akuyankhira mwaulesi, ndipo pa Amen Rogério anabwezera nsanza ija. Anamiza pepala m'mbale ya mankhwala nayamba kuigwedeza.

Anthu anayamba kutuluka m'madzimo ngati akuchokera m'nkhungu. Mayi wogulitsa mbatatesi atagona tulo pathumba lake, ndalama palibe, dzanja lili pa sikelo. Bambo wina atanyamula chitseko panjinga, mutu atautulutsira pambali. Atsikana awiri akulukana tsitsi pansi pa ambulera wong'ambika. Nkhalamba ikuyesa nsapato imodzi, inzake itaikumbatira kuti asailande. Palibe ndi mmodzi yemwe ankayang'ana makina.

"Uyu ndi Inosenti wa kuseri kwa chigayo," anatero a Hermínio, akuloza nkhalamba ya nsapato ija. "Anamwalira mwezi watha uyu."

Kumapeto kunali iwo eni, chipewa pachifuwa, pakamwa potseguka pang'ono. Anadziyang'ana nthawi yaitali.

Pambali pawo panali khoma la nkhokwe lomwelo, ndi munthu wowonda wovala malaya a ku tchalitchi.

Dazi.

Linatuluka bwinobwino, lozungulira, likuwala pakati penipeni pa chithunzi. Mutu unali utawerama, nkhope yonse itabisika.

Kenako a Leonor anayamba kuseka. Anaseka atagwira khoma, anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kusekako kunatembenuka kukhala china, nadziphimba kumaso ndi chitenje.

"Justino iwe," ankatero. "Galu iwe. Ngakhale pomaliza."

"Pepani amayi," anatero Rogério. "Palibe chimene ndingachite. Ndi mmene analowera."

Anatsuka pepala lija m'mbale zinazo, nalitulutsa panja. Pakhonde, powala, anadula kachithunzi ka bambo ake ndi lumo napatsa mayi ake, pamodzi ndi kagalasi kokulitsira kamene malemu ankayendera nako m'thumba. A Alzira anayang'ana. Filimu yaikulu siibisa kanthu: ulusi wa pakolala umene anasoka okha unkaoneka, ndi kachipsera ka pakhutu. Pansi pa dazi paja tsaya limodzi linali litakwera, mmene linkakwerera akamabisa kuseka.

"Taona manja," anatero.

Rogério anatenga kagalasi. Manja a bambo ake anali pamimba, opanda kanthu, atafumbata mphepo ngati kabokosi. Zala za kumanzere zinali zitapinda, zikupotoza kagudumu kamene panalibe. Chala cha kumanja chinali podina.

"Ankandijambula," anatero a Alzira. "Ine ndikuwajambula, iwo akundijambula."

Rogério anakhala pansi pakhonde, kagalasi kali m'manja, osachotsa maso.

A Hermínio anatsokomola. Kachithunzi kawo anali atakalowetsa kale m'thumba la kazako, kakali konyowa.

"Nanga pamtanda tiika chiyani, mlamu?"

"Chomwechi."

"Dazi?"

"Alipo wa ku Domwe amene sangawazindikire?"

A Hermínio anaganiza, napukusa mutu pang'onopang'ono. Anatola makina aja pamphasa pomwe anagona chitsegukire, nawatseka kumsana mosamala, nawaika pafupi ndi mwendo wa mlamu wawo. Pa zogawa sananenepo kanthu. Anavala chipewa nauyamba wa kwawo, akuyenda ngati munthu wosenza thumba.

Pabwalo panatsala phulusa ndi tsitsi losesedwa pamodzi. A Leonor anali atagona kale pamphasa padzuwa, kabotolo ka fodya kali m'manja. A Alzira anayesa kuyang'ana kachithunzi kaja atakakweza kumaso, koma kuwala kunkawathobwa. Anakatsitsa mpaka pamimba, nakagwira ndi manja awiri, nawerama.